Mwana wanga akuphunzira kudumpha makoma pa PE, ndisaine kalatayi?

NaPhiri_Leeds
Abale anga ndithandizeni maganizo, mwina ine ndi amene ndatsalira. Mwana wanga wamkazi wa zaka 12 wabwera ndi kalata yochokera kusukulu, yoti teremu ino pa PE sasewera netibo kapena hockey, azichita chinthu chotchedwa parkour. Ndapita pa YouTube kuti ndione, mtima wanga wangoti myuu. Anyamata akudumpha kuchoka padenga la nyumba ina kukatera pa ina, ena akukwera makoma ngati abuluzi. Kwathu ku Ndirande munthu akalumpha mpanda chotere mudzi wonse umakuwa kuti wakuba uyo. Ndiye ine ndachoka kutali konseku, ndikugwira ntchito usiku wonse, kuti mwana adzaphunzire kulumpha mipanda? Akuti teremu yamawa kubweranso skateboard, kathabwa ka matayala kokwerapo. Kalatayi ikufuna ndisaine pofika Lachisanu. Ndisaine, kapena ndikaonane ndi a hedi?

Kabaza25
Kkkk sainani mayi, akadzabwera kuno ku holide agalu a ku Area 25 sadzamupeza.

GogoWaKuNtcheu
Musasaine mwanangu. Mwana wamkazi n'kumakwera makoma? Akathyoka mwendo adzamugoneka kuchipatala ndi aphunzitsiwo?

MphunzitsiBradford
Anaphiri, khazikani mtima pansi. Ine ndimathandizira pa PE pasukulu ina kuno, ndipo parkour tinaphunzitsapo materemu angapo. Zimene mwaonazo ndi za anthu amene achita zimenezi zaka khumi, ndipo ambiri amajambula kuti atchuke. Kusukulu kulibe denga. Timakhala muholo, pansi tayala matiresi, tili ndi mabenchi ndi mabokosi ofewa ofika m'chiuno. Masabata awiri oyambirira mwana sadumphanso chilichonse chachitali. Timamuphunzitsa kutera: kufikira kutsogolo kwa phazi osati chidendene, kupinda mawondo, osamveka phokoso. Ndimawauza kuti amene ndimumve kuti phii abwereze. Kenako kugubuduka, kuti ukagwa mphamvu ya kugwako idutse paphewa ndi pamsana mopingasa, isathere pamutu kapena padzanja.

Masewerawa anayambira ku France, m'tauni ya Lisses kufupi ndi Paris, m'zaka za m'ma 1980. Amene amatchulidwa kwambiri ndi David Belle, ndipo iye anatengera kwa bambo ake, Raymond Belle, amene anali msilikali komanso wozimitsa moto. Ndiye gwero lake ndi kupulumutsa anthu, osati kuba. Kuno ku Britain boma linaivomereza ngati masewera enieni mu January 2017.

Koma funso limene ndikufuna ndikufunseni ndi ili: mwana wanuyo amaikonda PE?

NaPhiri_Leeds
Aphunzitsi mwandigwira pakamwa. Amadana nayo. Lachiwiri lililonse m'mimba mumamupweteka, Lachitatu wachira. Chikwama cha zovala za PE "amachiiwala" ngakhale nditachiika pakhomo penipeni.

MphunzitsiBradford
Ndimadziwa kuti muyankha choncho. Ana oterewa ndi amene masukulu akuwafuna ndi masewera amenewa. Taganizani mmene netibo imayendera. Aphunzitsi asankha makaputeni awiri, iwo ayamba kuitana mayina. Ataliatali ndi othamanga atha, kenako pamatsala atatu kapena anayi akuyang'ana pansi, kudikira kuti ndani atsale yekha. Akalowa m'bwalo mpira sawapatsa. Tsiku limene awapatsa n'kuugwetsa, timu yonse imawakalipira. Mwana woteroyo pa mphindi 50 mpira waugwira kawiri, ndipo chimene waphunzira n'chakuti thupi lake ndi lochititsa manyazi.

Pa parkour palibe timu yoti uigwetse. Bokosi ndi limodzi, koma wina alilumpha, wina akwera n'kutsika mbali inayo, wina ayamba ndi benchi. Aliyense ali ndi pake. Amene dzulo amaopa benchi lero waliwoloka, ndipo palibe amene angamulande zimenezo. Ku koleji tinaphunzira za akatswiri awiri a ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, amene amati munthu amalimbikira chinthu pakakhala zitatu: wadzisankhira yekha, akuona kuti akuchitha, ndiponso akumva kuti ali pakati pa anzake. Ndinkaloweza kuti ndikhoze mayeso basi. Ndinadzazimvetsa tsiku limene mtsikana wina amene chaka chonse ankabwera ndi kalata ya kudwala anandifunsa ngati holo ingatsegulidwe nthawi ya buleki.

NamwinoWaUsiku
Ndiwonjezerepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi zotulutsa thukuta mphindi 60 patsiku. Mu 2019 linatulutsa zotsatira za ana asukulu 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17 m'mayiko 146, ndipo 81 pa 100 aliwonse sankafika pamenepo. Atsikana ndiye 85 pa 100, anyamata 78. Ndiye nkhani ya m'mimba mwa Lachiwiri si ya mwana wanu yekha, achemwali.

Choko_Chatha
Ndikuwerenga ndili kuno kumudzi, ndikungoseka ndekha. Matiresi? Holo? Ine Sitandade 6 yanga muli ana 112, mpira ulipo umodzi, nawonso wotuluka mpweya, umakhala muofesi ya a hedi kudikira tsiku la mpikisano wa zoni. PE kuno ili mkati mwa Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo, zojambula ndi kusoka. Pa mayeso a Sitandade 8 imalowa mu pepala la Arts and Life Skills, ndiye ana amaloweza kuti bwalo la netibo ndi lotalika mamita 30.5, timu imakhala ya anthu 7, alemba, akhoza, koma ena mwa iwo mpira wa netibo sanaugwirepo. Piriyodi ya masewera ikakwana, kunena zoona, nthawi zambiri timaisandutsa ya masamu, kapena timawatuma kukasesa.

Chodabwitsa n'chakuti ana omwewo akaweruka amakwera mtengo wa mango mpaka kunsonga, amalumpha ngalande, amachita samasoti pamchenga wa kudambo, atsikana amawoloka mtsinje pamlatho wa mtengo umodzi ndowa ili pamutu. Azungu azipatsa dzina la Chifalansa n'kumalemba makalata oti makolo asaine. Ife tikamugwira akuchita zomwezo pasukulu timamupatsa chibalo.

Kabaza25
Aphunzitsi mwalasa. Ine samasoti ndinakwapulidwa nayo Sitandade 4, mpaka lero ndikamuona mphunzitsi uja pamsika ndimakhota.

MauleMpakaKale
Ine ndikutsutsa ndithu. Zonsezi ndi zibwana. Mpira umaphunzitsa mwana kugwira ntchito ndi anzake, kumvera woyimbira, kuluza osalira. Moyo ndi mpikisano, mwana akapanda kuzolowera kusiyidwa pa timu ali wamng'ono adzalira pa intavyu. Komanso mpira umadyetsa. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, lero wina anakatchuka ku Italy ndi ku France, wina ku America, kumene mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi n'kusankhidwa wosewera bwino kuposa onse. Mwawi Kumwenda anasankhidwa katswiri wa mpikisano wonse wa dziko lapansi wa netibo ku Sydney mu 2015. Mundiuze Mmalawi mmodzi amene wamanga nyumba ndi kudumpha khoma, kupatula amene ali ku Maula.

NomaWeniweni
"Kuluza osalira" akunena wa Bullets? Kkkkk inu amene mukaluza mumati woyimbira wadya?

MauleMpakaKale
Achimwene werengani makapu kaye, tikambirane pambuyo.

NomaWeniweni
Makapu akale sadyetsa ana. Tionana pa Kamuzu Stadium.

Mlonda_wa_Gulu
Maule ndi Manoma, bwalo lanu lilipo lina. Pano mayi afunsa za mwana wawo.

Mlongo_wa_ku_Jozi
A Maule, a Chawinga ndi awiri pa atsikana mamiliyoni angati? PE si ya awiri okhawo. Aluso apita ku timu ya sukulu ndi ku kalabu, sasowa kolowera. Funso ndi lakuti ena 100 otsalawo atuluka kusukulu akukonda kugwiritsa ntchito thupi lawo kapena akudana nazo moyo wonse.

Ndipo ngati mukufuna za mamendulo, skateboard inalowa mu Olimpiki ya ku Tokyo imene inachitika mu 2021, pamodzi ndi kukwera makoma ndi kusewera pamafunde. Golide wa atsikana pa mtundu wa mumsewu anatenga Momiji Nishiya wa ku Japan ali ndi zaka 13, wachiwiri Rayssa Leal wa ku Brazil nayenso 13. Sky Brown wa ku Britain komweko kumene kuli Anaphiri anapata mendulo ya nambala 3 pa mtundu wina, zaka 13 zomwezo.

Kuno ku Johannesburg bungwe la Skateistan, lophunzitsa ana skateboard, linatsegula sukulu yake mu 2016. Bungweli linayambira ku Kabul mu 2007 ndi munthu wa ku Australia, Oliver Percovich. Chimene chinandigwira mtima pa mbiri yake n'choti ku Afghanistan mtsikana kukwera njinga kapena kusewera mpira kunali kovuta, koma skateboard anthu sankaidziwa, anaitenga ngati chidole, ndiye panalibe amene anali atalamula kale kuti ndi ya anyamata. Atsikana analowerera pamenepo, mpaka pafupifupi theka la ana a bungweli n'kukhala atsikana. Masewera achilendo ali ndi ubwino umenewo: m'kalasi monse palibe katswiri, nonse mukugwa mofanana tsiku loyamba. Pa mpira wamiyendo mnyamata amafika Sitandade 1 atamenya kale chikulunga zaka zitatu.

GogoWaKuNtcheu
Ndamva, koma ine za mtsikana kumagubuduka pamaso pa anyamata sindinazimvetsebe. Avala chiyani?

NaPhiri_Leeds
Amavala buluku la masewera, Gogo. Kuno kuzizira kwake siketi sangayerekeze.

BamboWaAnyamata3
Ndisakometse, ndinene zimene zinandichitikira. Wachiwiri wanga anaphunzira parkour kusukulu kuno ku Manchester, ndipo m'kalasi sanavulalepo, izo n'zoona. Vuto linabwera Loweruka. Iye ndi anzake anaona kuti matiresi ndi za ana, anakakwera pagalaja ya aneba, wina akujambula pafoni. Anatera bwino kawiri, kachitatu dzanja linathyoka. Masabata asanu ndi limodzi ali m'chikhakha, mayeso analemba movutikira. Sukulu inati ife tinawauza kuti asakachite kunja. Zoona anawauza, koma mnyamata wa zaka 13 ukamuonetsa kuti thupi lake litha kuuluka, mawu oti "usakachite" amalowa khutu ili n'kutulukira linali.

Chachiwiri, a MphunzitsiBradford mwanena ngati manyazi amatheratu. Wamkulu wanga ndi wonenepa, ndipo iye anati parkour inali yoipa kuposa mpira. Pa mpira ankabisala kumbuyo, palibe amamuona. Apa amakhala pamzere, nthawi yako ikakwana kalasi yonse maso pa iwe, ndipo anyamata odzionetsa amalanda bokosi lalitali n'kumaseka. Ndiye musamati ndi mankhwala a mwana aliyense.

MphunzitsiBradford
Bambo, pepani za mwanayo, ndipo pachiwiripo simukunama. Mzere umodzi, ana 30, bokosi limodzi, kumeneko ndi kuphunzitsa koipa, ndipo ndinalakwitsapo chomwecho chaka changa choyamba. Zimayenda ukagawa malo asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi, ana atatu anayi pamalo, aliyense watanganidwa, palibe woonerera. Vuto n'loti aphunzitsi ambiri a PE tinakulira mpira ndi rugby, izi tinangophunzira pa kosi ya masiku awiri. Masewera atsopano ndi kaphunzitsidwe kakale, mwana wamanyazi amangovutika chimodzimodzi.

MatayalaAnayi
Ine ndine wamng'ono pagulu pano, mundikhululukire akuluakulu, koma skateboard ndimakwera zaka zisanu ndi ziwiri tsopano ndipo nkhawa yanga ndi yosiyana ndi yanu. Ine ndimaopa kuti sukulu iipha. Chimene chinandikoka n'choti kunalibe wamkulu. Palibe wenzulo, palibe kochi, palibe nthawi yoyambira. Umayesa chinthu chimodzi ka 200, umagwa, munthu amene sukumudziwa n'komwe amakuuza kuti suntha phazi pang'ono, tsiku limene watha onse amamenyetsa matabwa awo pansi kukusangalalira. Tsopano muike zimenezo pa piriyodi yachitatu Lachiwiri, aphunzitsi ali ndi pepala akupereka malikisi. Ukapatsa mwana 4 pa 10 pa kudumpha, wabwezeretsa chinthu chomwe chija chimene ankathawa ku netibo.

Sindikuti n'zosatheka. Ku Malmö ku Sweden kuli sekondale yotchedwa Bryggeriets Gymnasium kumene skateboard ili pandandanda wa maphunziro, bwalo lake lili mkati mwa nyumba yomweyo. Koma kumeneko ana anasankha okha kupitako. Kukakamiza kalasi yonse ndi nkhani ina.

MauleMpakaKale
Mwaona? Ngakhale eni ake akukana.

MatayalaAnayi
Sindinakane madala, ndati asaike malikisi.

Choko_Chatha
Mawu a mnyamatayu andikumbutsa fulaye. Ndani anaphunzitsapo mtsikana fulaye? Palibe. Mpira amapanga okha ndi mapepala a shuga, malamulo amagwirizana okha, akakangana amathetsa okha, wamng'ono amamuponyera pang'onopang'ono kuti naye alowe. Amadumpha, amazinda, amathamanga mpaka dzuwa kulowa, thukuta kuposa la PE iliyonse imene ndinaphunzitsapo. Phada, jingo, chipako, chimodzimodzi. Chaka china ndinayesa kulowetsa fulaye mu piriyodi yanga. Ndinalakwitsa n'kutenga wenzulo, ndikuimika masewera, ndikugawa matimu ndekha. Pa mphindi khumi atsikana anali atazizira ngati ndawatuma kukatunga madzi. Sabata yotsatira ndinangoti magulu asanu, pangani mipira yanu, ine ndikhala pansi pa mtengo. Ana 112 onse anasewera, ngakhale anyamata amene amati ndi za akazi. A hedi anadutsa n'kundifunsa chifukwa chake sindikuphunzitsa.

Mlongo_wa_ku_Jozi
Aphunzitsi, zimene munachitazo ena anazipanga masewera a dziko lonse. Ultimate frisbee, ija yoponyerana kambale kapulasitiki, inayambitsidwa ndi ana asukulu ya sekondale ku Maplewood, New Jersey, mu 1968. Anthu 7 mbali iliyonse, amuna ndi akazi amatha kusewera timu imodzi, ndipo mwamwambo wake palibe woyimbira. Wolakwiridwa amanena yekha, awiriwo amakambirana, masewera apitirira. Masukulu ena amaikonda chifukwa chomwecho, komanso kambale kamodzi ndi kotchipa kuposa mpira wachikopa.

NomaWeniweni
Popanda woyimbira? Bullets ingawine bwanji kumeneko?

Mlonda_wa_Gulu
A Noma, chenjezo lomaliza.

GogoWaKuNtcheu
Fulaye ndiye ndinali katswiri, funsani aliyense wa msinkhu wanga kwathu. Bondo ili lili ndi chipsera mpaka lero. Amayi anga sanasaine kalata iliyonse.

Kabaza25
Gogo mwadzigwira nokha kkkk. Ndiye mdzukulu akagubuduka pamatiresi chalakwika n'chiyani?

GogoWaKuNtcheu
Iwe usandiphunzitse. Ife tinkadumpha pansi, osati pakhoma.

MwanaWaKuNyanja
Pepani ndikhotetse pang'ono. Kwathu ku Nkhotakota ana amasambira asanadziwe kulemba dzina lawo, amasewera mira m'madzi, amapalasa bwato. Koma ndikukamba ana a m'mphepete mwenimweni. Amene akuchokera makilomita khumi kumtunda ambiri sadziwa kusambira, ndipo ndi amene timawataya akabwera ndi ulendo wa sukulu kapena nthawi ya Khirisimasi. Ndinamva kwa mlamu wanga kuti ku England mwana amayenera kutha kusambira mamita 25 asanamalize pulayimale, zili m'silabasi. Ife nyanja yonseyi, silabasi ili chete, mwana amangoloweza kuti nyanja ya Malawi ili ndi chambo. Tikati tisankhe masewera amodzi oti alowe m'sukulu za kuno, ine skateboard ayi, misewu yake iti? Kusambira, ndi asodzi omwewa ngati aphunzitsi, pamalo opanda ng'ona.

Choko_Chatha
Ndi likodzo lomwe muliganizire. Koma mfundo yanu ndaigwira. Ku Mulanje nakonso phiri lili pakhomo, alendo amachoka ku Ulaya kudzakwera Chambe ndi Sapitwa, anyamata onyamula katundu amathamanga mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka, koma mwana wa pasukulu ya m'munsi mwa phirilo amangodziwa kuti ndi mamita 3,002 chifukwa zimabwera pa mayeso.

NamwinoWaUsiku
Tibwerere kwa Anaphiri, Lachisanu layandikira. Ine kuntchito ndimalandira ana ovulala, ndipo ambiri amene ndimawaona ndi a mpira, rugby ndi trampoline (chinsalu chonjanja chodumphapo) ya kunyumba. Mwina n'chifukwa choti osewera mpira ndi ochuluka, sindikukana. A skateboard amene amafika kwa ife kawirikawiri ndi dzanja, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza chikhatho, kenako akakolo, ndipo woopsa ndi amene wamenyetsa mutu wopanda helemeti. Musanasaine afunseni: wophunzitsayo anaphunzira kuti zimenezi? Ana amakhala angati pa mphunzitsi mmodzi? Pa skateboard, helemeti ndi zoteteza manja ndi mawondo akupereka ndi iwo kapena mugula nokha? Ndipo mwana akaopa chinthu amaloledwa kukana? Akayankha mozemba, musasaine. Kunena zoona, kugwa bwino ndi luso limene ndikanakonda agogo ambiri amene ndimawasamala akanaliphunzira ali ana.

BamboWaAnyamata3
Muwonjezere funso lina: amawauza chiyani za kujambulana pafoni. Kwa ine chinathyola dzanja ndi foni, osati galaja.

NaPhiri_Leeds
Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Ndinapempha kukaonerera, anandilola Lachinayi kalasi ina ikuphunzira, ndinapita ndisanagone n'komwe kuchokera kuntchito. Denga kulibe, Gogo. Chachitali kwambiri chinali bokosi londifika m'chiuno, ndipo ine si wamtali. Anawagawa m'magulu asanu monga ananenera a MphunzitsiBradford. Mphunzitsi wake ndi mayi, anandionetsa satifiketi yake ndisanafunse, zikuoneka kuti si ine ndekha kholo lovuta. Za foni anati amaletsa, koma anavomera kuti za Loweruka sangazilondole. Panali kamnyamata kena kodzionetsa, a BamboWaAnyamata3 munanena zoona, koma anakatuma kukathandiza gulu la oyamba kumene.

Ya parkour ndasaina. Ya skateboard ndati tidikire, helemeti akuti tigule tokha ndipo mwezi uno ndatumiza kale ya feteleza kumudzi. Mwana sindinamuuze kuti ndinapita. Dzulo usiku ndamupeza akulumpha mpando wa pabalaza ndi dzanja limodzi, akuti mnzake wamuonetsa, akuyesera kutera mwakachetechete kuti aneba apansi asamve. Ndamukalipira, mpandowo ngongole yake sindinamalize. Chikwama cha PE wachilongedza yekha, chili pakhomo, lero ndi Lamlungu.

Kabaza25
Mpando ukathyoka mutiuze mayi, kuno akalipentala alipo, kutumiza kwake mukambirana ndi a Maule poti mpira umadyetsa.

GogoWaKuNtcheu
Akabwera mudzamubweretse kuno ndidzamuonetse fulaye. Koma mpanda wanga asaukhudze.